Ngongole ya Munthu kwa Nsomba ya M'galasi

Sabata ino ndabwera ndi nkhani ya nsomba, koma osati ya mumphika ayi. Pali kansomba kena kotchedwa clown loach komwe anthu amaweta m'nyumba, m'thanki yagalasi, kuti azingokayang'ana basi. Funso langa ndi ili: munthu ukagula chamoyo kuti chizikusangalatsa m'maso, umakhala nacho ngongole yanji?

Kwawo kwa nsombayi ndi ku Indonesia, m'mitsinje ya pa zilumba za Sumatra ndi Borneo. Katswiri wa ku Netherlands, Pieter Bleeker, ndi amene anayamba kuilemba m'mabuku a sayansi mu 1852. Kukongola ndiye musanene: thupi la olenji, mizere itatu yakuda, zipsepse zofiirira, tindevu kukamwa ngati mlamba. Pansi pa diso lililonse ili ndi munga umene imautulutsa ikaopsezedwa. Ilinso ndi nthabwala zake. Imagona cham'mbali pansi pa thanki ngati yafa, mwini wake mtima m'mwamba, kenako n'kudzambatuka n'kumapita ngati palibe chachitika.

Koma paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. M'shopu nsombayi imagulitsidwa ili ngati chala, masentimita 5 kapena kuchepera apo. Wogula sadziwa kuti wanyamula khanda. Ikasamalidwa bwino ikhoza kufika masentimita 30 ndi kukhala zaka 20. Tangoganizani: mwana wobadwa tsiku lomwe mwaigula akhoza kulemba mayeso a Fomu 4 nsombayo ikadali moyo. Komanso siikhala yokha. Imafuna gulu, zisanu kapena kuposa, ndipo ikakhala imodzi imangobisala n'kumafooka. Gulu lotere likakula limafuna madzi osachepera migolo iwiri ya malita 200. Madziwo akhale oyera, oyenda, ofunda pakati pa madigiri 25 ndi 30, ndiye magetsi akazima usiku wa mu June hita n'kuleka kugwira, ya ku Borneo ija ili pamavuto. Matenda a timadontho toyera amaigwira msanga, ndipo poti timamba take n'tating'ono kwambiri, mlingo wa mankhwala umene nsomba zina zimapirira ukhoza kuipweteka.

Chondikhumudwitsa kwambiri n'chakuti ambiri saigula chifukwa choikonda. Amamva kuti imadya nkhono zimene zimaswana m'thanki, ndiye amati bwera undigwirire ganyu. Ganyuyo amatha m'milungu yochepa. Waganyu amatsala pakhomo zaka 20.

Ndikudziwa wina wayamba kale kuseka: "Akulu, mukulirira kansomba kamodzi pomwe dzulo mwamaliza mbale yonse ya usipa?" Funso labwino, ndipo sindilithawa. Ngakhale ku Indonesia komweko zikuluzikulu anthu amadya. Koma taonani kusiyana kwake. Msodzi amalanda usipa tsiku lake lomaliza. Masiku ena onse unali m'nyanja mwake, ndi anzake, ukudya za kwawo. Woweta m'galasi amatenga masiku onse. Mtsinje ndi umene unkasintha madzi, kubweretsa chakudya, kupereka pobisala pansi pa zitsa, ndipo mvula ikagwa unkatsegula njira yoti nsomba zikwere kumtunda kukaswana. Ukaichotsa mmenemo, ntchito zonse za mtsinje zagwera m'manja mwako. Wakhala mtsinje wake iweyo, ndipo mtsinje sunena kuti lero ndatopa, ndisintha madzi sabata yamawa.

Ndipo pali ntchito ina imene galasi silingathe. M'mathanki a m'nyumba nsombazi siziswana, kupatula mwa apo ndi apo. Kwa zaka zambiri pafupifupi zonse za m'mashopu zinkagwidwa m'mitsinje zili tiana, ndipo amene amaziswetsa pa malonda amachita kuzibaya jakisoni wa mahomoni. Thupi la nsomba lenilenilo limadziwa kuti kuno si kwathu.

Sindikunena kuti kuweta nsomba ndi tchimo. M'thanki yabwino mulibe chilala, mulibe chilombo choidya, mulibe njala, ndipo alipo anthu amene amasunga gulu lawo mpaka kukalamba, akudziwa khalidwe la nsomba iliyonse. Amenewo ndiwavulira chipewa. Vuto lili pa ife ofuna kukongola kwa lero osawerengera chimene chamoyocho chidzakhale mawa. Mbuzi ukaimanga pothina imalira mpaka aneba akufunse. Galu wanjala amauwa usiku wonse. Nsomba ilibe mawu oti n'kudandaula nawo, ndiye chikumbumtima chako ndiye mfumu, ndiye mboni, ndiye wodandaula. Apa m'pamene khalidwe la munthu limaonekera, pamlandu umene palibe adzakuitanire kubwalo.

Mpaka tinapeka chonena chodzitonthoza nacho, choti nsomba imakula molingana ndi thanki yake. Eti! N'zoona kuti m'thanki yaing'ono clown loach siifika msinkhu wake, koma kumeneko ndi kupinimbira chifukwa cha kuthinana ndi madzi akuda. Mwana wokwinimbira ndi njala palibe amene anganene kuti wakula molingana ndi nyumba ya makolo ake.

Nkhaniyi isaoneke ya kutali. Mbuna za m'nyanja yathu ya Malawi, zomwe zimatetezedwa ku Cape Maclear m'paki yomwe UNESCO inaizindikira mu 1984, zadzaza m'mathanki ku Ulaya ndi ku America. Ena mwa oweta amaika mbuna ndi clown loach m'thanki imodzi. Madzi a nyanja yathu ali ndi pH yopitirira 7.5, pomwe ya ku Borneo inazolowera madzi ofewa a pH yotsikirapo, ndiponso mbuna n'zaukali, zimalimbirana miyala. Imodzi mwa ziwirizi iyenera kukhala m'madzi osakhala ake moyo wake wonse, kungoti mwini nyumba anaona kuti buluu ndi olenji zikuyenerana pabalaza.