KHONDE LA KUHOTELA NDI ULEMU WA MAKOLO ATHU OKALAMBA



Ambiri a ife tinakula tikudziwa kuti munthu sacoka pamudzi popanda cifukwa. Ulendo unali wa maliro, wa ukwati kapena wa kucipatala. Lero zinthu zasintha. Ikafika chuthi ya Heroes ndi Unity kuciyambi kwa July, kapena nyengo ya Krisimasi, timamva kuti banja lakuti latenga ambuya kupita nao ku Siavonga kukaona nyanja ya Kariba, kapena ku Livingstone kukaona mathithi a Mosi-oa-Tunya. Ici ndi cinthu cokoma. Mai amene anagulitsa nshawa ndi zitumbuwa kuti inu muphunzire ayenera kulawako zipatso za thukuta lao akali ndi moyo. Koma pa ulendo wotere pamabuka funso limene ambiri sitiliganizira tisananyamuke, ndipo limabukira pa malo aang'ono kwambiri: pakhonde la cipinda.

Tiyerekeze kuti ndinu. Mwafika pa hotela ya m'mbali mwa nyanja. Inu ndi amuna anu mwapatsidwa cipinda capamwamba, amai anu cipinda coyandikana naco. Cipinda ciriconse ciri ndi khonde lake loyang'ana kumadzi, ndipo pakati pa makondewo pali kakhoma kofika m'ciuno cabe. Munapempha dala zipinda zotere kuti muzitha kuwaona amai nthawi iriyonse. M'mawa kutaca, amai aturuka monga acitira kumudzi: citenje cimodzi comanga pacifuwa, kumutu kopanda citambala, m'manja muli mankhwala opaka m'maondo ndi tizobvala tamkati timene acapa usiku. Akweza maso, aona mkamwini wao ali khale ndi kabudula, akumwa tiyi. Mbali inayo kuli alendo osawadziwa, foni iri m'mwamba, akujambula nyanja. Amai abwerera m'kati, akoka katani, ndipo masiku atatu onse sapondanso pakhondepo. Mukawafunsa angoti, "Ndiri bwino mwana wanga, kunjaku kuli mphepo."

Mtima wanu uwawa. Ndalama zambiri zapita kuti aone nyanja, iwo akhala m'mdima. Kodi munalakwa? Munafuna kuwateteza, ndipo palibe angakutsutseni pa ico. Koma pali cina cimene cinatayika m'mawa umenewo. Funso lathu ndi ili: kodi tingawayang'anire bwanji makolo okalamba popanda kuwalanda ulemu wao?

Tiyambe ndi kubvomera kuti mantha anu si opanda pake. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena mu 2021 kuti anthu pafupifupi 684,000 amafa caka ciriconse cifukwa ca kugwa, ndipo ambiri a iwo ndi a zaka zoposa 60. Pakhonde lapamwamba pali matailosi amene amaterera akanyowa. Pali kampanda kacitsulo kamene nthawi zina ndi kakafupi. Munthu wokalamba maso amacita mdima, miyendo imanjenjemera, ndipo amene akumwa mankhwala a BP angacite cizungulire akaimirira msanga. Mau a Mulungu sapeputsa zimenezi. Nyumba za Aisrayeli zinali ndi madenga athyathyathya pamene anthu ankakhala, kuyanika zinthu ndi kupemphera, ndipo pa Deuteronomo 22:8 Mulungu analamula kuti womanga nyumba yatsopano amange kampanda kuzungulira denga, kuti munthu akagwa mlandu wa mwazi ungakhale pa nyumbayo. Motero mwana amene anena kuti "asiyeni, ndi akulu, adziwa okha" namapita kukasambira tsiku lonse, sanawalemekeze makolo ake. Wangodzipeputsira katundu.

Koma Buku lomwelo limatiphunzitsa cinthu caciwiri. Kumbukirani Nowa pa Genesis 9. Analedzera nagona wosabvala m'hema wake. Hamu anaona, naturuka kukauza abale ake. Semu ndi Yafeti anatenga copfunda, naciika pamapewa pao, nayenda cam'mbuyo, nawapfunda atate ao nkhope zao zitayang'ana kwina. Taonani bwino cimene anacita ana awiriwa. Sanakhale kunja n'kunena kuti za m'hema wa atate siziwakhudza. Analowa, anafika pafupi, anathandiza. Koma maso ao anawabweza. Ngati kholo limene linadzicititsa lokha manyazi linayenera kupfundidwa cotero, nanga kuli bwanji mai amene sanalakwe kanthu, koma thupi lokha ndilo latopa?

Makolo athu kumudzi ankazidziwa izi. Bafa linkamangidwa ndi udzu kuseri kwa nyumba, khomo lake loyang'ana kuchire. Munthu sankalowa pakhomo pa mnzake osanena "odi" ndi kudikira yankho. Mwana akakula sankapondanso kucipinda ca makolo ake. Mkamwini ndi apongozi ake ankapatukirana njira, ndipo sankadyera mbale imodzi. Umenewo sunali udani, unali mpanda wosaoneka wosunga ulemu wa onse awiri. Amene anamanga mahotela a m'mbali mwa nyanja anali ndi alendo ena m'maganizo, anthu amene saona cobvuta kuothera dzuwa ndi zobvala zosambira pamaso pa anzao. Nyumbazo si zoipa, koma sizinamangidwe poganizira ambuya a ku Katete kapena ku Petauke. Kakhoma kamene kwa inu ndi kokwanira, kwa iwo ndi ngati kuwakhazika pamsika.

Wina anganene kuti, "Amai anga ndimawasambitsa ndine, ndimawasintha zobvala ndine. Catsala cobisa n'ciani?" Mlongo wanga, ganizirani bwino. Munthu amene watsala ndi nkhuku imodzi amaisunga koposa amene ali ndi khola lodzaza. Ukalamba umamlanda munthu zinthu cimodzicimodzi: munda, khicini, ndalama, ngakhale ufulu wopita yekha kucimbudzi. Amai anu analola kuti inu muwaone cifukwa panalibe kucitira mwina, ndiponso cifukwa ndinu mwana wao wamkazi. Sanalole mkamwini, sanalole adzukulu aamuna, sanalole mlendo wa cipinda cacitatu. Kanthawi kokhala okha m'mawa, kuimba nyimbo yao motsitsa mau, kupemphera mochula maina a ana ao mmodzimmodzi, mwina ndico cuma cotsiriza cimene akali naco. Petro nayenso anakwera padenga ku Yopa kuti akapemphere payekha (Macitidwe 10:9). Katekisima wathu wa Heidelberg, wolembedwa mu 1563, pofotokoza lamulo lacisanu pa funso 104, amatiphunzitsa kuti kulemekeza makolo kumaphatikizapo kupirira nazo zofooka zao. Akulu anati, mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo. Mwendo ukacepa, umai sucepa.

Tsono ndani ayenera kusankha? Apa ndi pamene ambiri timapunthwa. Cifukwa ndalama ndi zathu, ndiponso ndife odziwa Cingerezi ndi kugwiritsa nchito foni, timakonza zonse osawafunsa. Pa 2 Samueli 19 timawerenga za Barizilai, nkhalamba ya zaka 80. Mfumu Davide anamuitana kuti akakhale naye ku Yerusalemu ndi kudya za kunyumba yacifumu. Barizilai anakana mwaulemu. Anafotokoza kuti cakudya sicimkomeranso monga kale, nyimbo sazimvanso bwino, ndipo afuna kukafera kwao pafupi ndi manda a makolo ake. Davide sanakwiye kuti mphatso yake yakanidwa. Anampsompsona, namdalitsa, namlola apite. Ngati mfumu inamvera nkhalamba, ife ndife yani kuti tisafunse? "Amai, mufuna cipinda capansi kapena capamwamba? Mufuna kugona nokha kapena ndi mdzukulu wanu wamkazi? Tikhale pafupi, kapena patali pang'ono?" Ndipo mufunse muli awiri, cifukwa pamaso pa mkamwini adzangoti ciriconse ndi cabwino.

Koma cenjerani, pali msampha wina mbali inayi. Si okalamba onse afuna kubisika. Alipo atate amene cimwemwe cao ndi kukhala poonekera, kupatsa moni aliyense wodutsa, kufunsa wanchito wa pahotela kuti kwao ndi kuti ndipo mfumu yao ndani. Nthawi zina timawasankhira cipinda cakumapeto, khonde loyang'ana kukhoma, ndi kuwatumizira cakudya komweko, n'kumati tikuwasungira ulemu. Tidzifunse moona mtima: ndi ulemu wao, kapena manyazi athu? Mwina tikuopa kuti alendo aona m'kamwa mopanda mano, dzanja lonjenjemera likutaya msuzi, kapena amva Cinsenga cokweza mau pakati pa anthu olankhula Cingerezi. Kubisa kholo cifukwa likuticititsa manyazi ndi chimo, ngakhale titalicha dzina lokoma. Semu ndi Yafeti anapfunda manyazi a atate ao, sanabise atate aowo. Levitiko 19:32 amatiuza kuimirira pamaso pa waimvi, ndipo munthu suimirira amene wamtsekera kuseri.

Palinso khonde lina limene makolo athu sanalidziwe, ndilo foni. Ambuya agona tulo pampando, kamwa liri yasa, citenje casendera, mdzukulu ajambula, ndipo dzuwa lisanalowe cithunzico cafika pa WhatsApp ya banja ndi pa Facebook, anthu akuseka. Ambuyawo sadzaciona, koma aciona apongozi, aciona a mumpingo, aciona adani. Kodi ici cisiyana pati ndi ca Hamu, amene anaona naturuka kukauza ena? Cithunzi ca munthu wamkulu citengedwe iye atadziwa, atakonza citambala cake, ndipo cisatumizidwe asanabvomere. Tiwaphunzitse ana athu zimenezi. Ndiponso tisunge maso athu pa makonde a anzathu. Kugwa kwa Davide kunayamba pamene anayenda padenga la nyumba yake nayang'ana kumene sanayenera kuyang'ana (2 Samueli 11:2). Malo okwera amaonetsa zambiri, ndipo si zonse zooneka zimene ziri zathu kuziona.

Nanga ticite ciani? Mkazi wa ku Sunemu pa 2 Mafumu 4 atipatsa citsanzo. Pofuna kucereza Elisa, anamkonzera kacipinda kapamwamba kokhala ndi makoma, naikamo kama, gome, mpando ndi nyali. Anali pafupi kuti amtumikire, koma mneneriyo anali ndi citseko cakecake. Inunso musanalipire, imbani foni ku hotelako mufunse. Kodi pali cipinda capansi copanda masitepe? Kodi pakati pa makonde pali khoma lofika pamwamba, kapena oyandikana amaonana? Kodi khondelo layang'ana kudziwe losambiramo ndi kumalo omwera mowa, kapena kumbali ya phee? Kampanda kake ndi kotalika bwanji? M'bafa muli pogwira? Ngati zipinda ziri ndi citseko capakati, gwirizanani kuti usiku cisakhomedwe, koma aliyense anene "odi" asanatsegule. Ngati khoma ndi lalifupi, pemphani cilolezo mumange citenje. Mtengo wake ndi wocepa, mtendere wake ndi waukuru. Pangananiponi nthawi ndi amuna anu, kuti m'mawa khonde likhale la amai, iwo akamwere tiyi wao kwina. Musaiwale kuti m'cigwa ca Zambezi muli udzudzu wa malungo madzulo, ndipo m'malo ena anyani ndi apusi amakwera pamakonde kufuna cakudya. Auzeni makolo zimenezi monga anthu akulu, kuti acenjere okha.

Zimabvuta koposa pamene kholo layamba kuiwala, kusokera usiku kapena kusazindikira malo. Pamenepo moyo ndiwo uyamba. Sankhani cipinda capansi, gonani nao limodzi, khomani citseko ca kukhonde usiku. Koma ngakhale pamenepo dzanja lokhoma citseko lingakhale laulemu kapena lamwano. Musawakambe pamaso pao ngati palibe. Musafotokozere wanchito aliyense matenda ao onse. Pitirizani kunena "odi" ngakhale sayankha. Iwo angaiwale kuti ndinu yani, koma inu simunaiwale kuti iwo ndani, ndipo Mulungu amene analonjeza pa Yesaya 46:4 kunyamula anthu ake kufikira imvi sanawaiwale.

Mwina mukuti, "Ine sindinagonepo m'hotela, nkhaniyi si yanga." Ndi yanu ndithu. Khonde lomwelo liripo m'nyumba ya zipinda ziwiri m'komboni, pamene apongozi agona pabalaza ndipo aliyense amawadumpha popita kukhicini. Liripo m'wodi ya kucipatala pamene tiwasintha zobvala osakoka katani. Liripo pa msonkhano wathu wa Cigwirizano, pamene pempho la pemphero lisanduka kuulula zonse za m'thupi la amai athu. Khonde labwino liri ndi zinthu ziwiri, kampanda koletsa munthu kugwa ndi khoma loletsa maso a anthu. Mwana wabwino akhale zonse ziwiri kwa makolo ake. Ndipo ana athu akuona. Mmene tiwapfundira ambuya ao lero, ndi mmene adzatipfundira ife mawa.

Mafunso okambirana pa msonkhano:

1. Kodi ndi liti pamene munawafunsa makolo kapena apongozi anu cimene iwo afuna, musanawakonzere zinthu?
2. Tingasiyanitse bwanji kusunga ulemu wa okalamba ndi kuwabisa cifukwa ca manyazi athu?
3. Tingawathandize bwanji amai anzathu amene akusamala kholo loiwala m'nyumba yaing'ono?

Tipemphere: Atate wathu wakumwamba, Inu amene munabveka Adamu ndi Hava pamene anali ndi manyazi, tipatseni manja ofulumira kuthandiza ndi maso odziwa kuyang'ana kumbali. Mutikhululukire pamene tinapeputsa otibala. M'dzina la Yesu Kristu, Amen.