Mwana wanzeru koma sawerenga: tidikire kapena tichitepo kanthu?



M'nyumba zambiri muli mwana wotere: ali ndi zaka 7 kapena 8, nyimbo za kwaya amaziloweza tsiku limodzi, mafunso ake amathetsa nzeru akulu, koma mukam'patsa buku amangoyang'ana pansi. Mnzake wa pa neba anayamba kale kuwerenga. Mtima wa kholo umawawa, ndipo apa ndi pamene timachimwira ana athu.

Ena amakwapula, amati ndi ulesi. Ena amathamangira ku deliverance, amati wina anamulodza. Enanso amangoti nthawi ya Mulungu idzakwana, n'kukhala phee. Kodi chikhulupiriro chenicheni ndi chiti pamenepa?

Tiyambe ndi choonadi. Kukamba mwana amatola yekha pomva anthu, koma kuwerenga kumafuna kuphunzitsidwa kulumikiza chilembo ndi liwu lake. Kwa ana ena ntchito imeneyi ndi yolemetsa ngakhale ali ndi nzeru zambiri. Madokotala amati dyslexia, ndipo nthawi zambiri imayenda m'banja. Si temberero, si uchitsiru. Ena vuto ndi maso kapena makutu chabe. Enanso kunyumba amakamba Chinyanja, kusukulu akukumana ndi Chingerezi, chimene kalembedwe kake sikatsata katchulidwe.

Manje taonani Mose pa Eksodo 4:10-16. Anadandaula kuti lilime lake ndi lolemera. Mulungu sanam'chotse pa maitanidwe, ndipo Malemba sakamba kuti analipepuza lilimelo pomwepo. Anam'patsa Aroni. Thandizo la munthu mnzake linali yankho la Mulungu.

Choncho kudikira kopanda kuchitapo kanthu si chikhulupiriro, ndi kunyalanyaza. Mwana wanzeru amadziwa kubisa: amaloweza tsamba lonse kuti muganize kuti akuwerenga, zaka n'kumapita. Komanso chikwapu ndi mawu onyoza zimam'phunzitsa chinthu chimodzi, kuti buku ndi malo a manyazi. Aefeso 6:4 amachenjeza atate za kukwiyitsa ana. Ife amene timakhulupirira kuti lilime lili ndi mphamvu, tingatchule bwanji mwana wathu kuti mbuli, ndiye Sande n'kukweza manja?

Tidzifunse moona: chikutiwawa ndi tsogolo la mwana, kapena manyazi athu anzathu akamaonetsana malipoti? Mphatso yake si mendulo yathu. Ndi ya Mwini wake, ife tangosungitsidwa.

Sabata ino chitani izi. Pitani naye ku kiliniki akamuone maso ndi makutu. Khalani pansi ndi aphunzitsi ake, mufunse pamene akukakamira. Madzulo aliwonse muwerengereni mokweza mphindi 15, chala chili pa mawu, popanda kukalipa. Ndipo pom'pempherera, amve ndi makutu ake mukuyamika Mulungu chifukwa cha zimene amachita bwino.

Mwina Aroni wa mwana wanu ndinu.

Ambuye akudalitseni. Shalom.