Kodi Tiweruze Chipembedzo cha Mnzathu Tisanamumve?

Pa bwalo la mfumu sagamula mlandu mwini wake asanalankhule. Nanga chipembedzo cha mtundu wina tichiweruza bwanji? Tamverani za Abuda.

Zaka ngati 500 asanabadwe Ambuye wathu, anabadwa Gautama ku Lumbini, m'dziko la Nepal, ndiye anamutcha Buda. Iyeyu anaphunzitsa kuti masautso a munthu achokera m'chilakolako, ndi kuti chikazima chilakolakocho, monga uzimira moto, munthu afika pa mpumulo wotchedwa Nirvana.

Azungu ophunzira anasanthula mau amenewa. M'chaka cha 1844 Eugène Burnouf wa ku Paris anatulutsa buku lalikulu, atawerenga zolembedwa zochokera ku Nepal. M'chaka cha 1881 Rhys Davids anayambitsa Pali Text Society ku England, kuti asindikize malembo akale a Abuda. Ntchito yokoma ndithu, ndipo tiwayamika.

Koma taonani chimene chinatsatapo. Ena anati Nirvana ndiko kutha psiti, nanena kuti Abuda alibe chiyembekezo. Ena anati Buda anali mwini nzeru chabe, wosasamala miyambo. Tsono poona anthu a ku Ceylon, ndiko ku Sri Lanka, alikupereka maluwa m'kachisi, anati anthuwa aononga chiphunzitso chao. Onsewo anasuzumira m'chitsime, naona nkhope zao zomwe, pakuti anakhulupirira mabuku koposa anthu amoyo akupembedzawo.

Ife tidziwa kuwawa kwake. Kodi alendo ena sananene kuti anthu a mu Afrika sadziwa Mulungu, chikhalirecho makolo athu anali kutchula Chauta, Mphambe ndi Namalenga? Chimene chinatipweteka ife tisachitire wina.

Potero sititi zipembedzo zonse n'chimodzi, iai. Buda anaphunzitsa kuti munthu ayesetse yekha kudzimasula. Ife tivomereza kuti tipulumuka ndi chisomo cha Yesu Kristu. Kusiyanako n'kwakukulu, ndipo sitikubisa. Komatu lamulo loletsa umboni wonama litchinjiriza mnansi ali yense, angakhale iye wosabatizidwa. Tikanamizira mnzathu kuti timpose m'makani, kodi adzakhulupirira bwanji umboni wathu wa Ambuye?

Chifukwa chake tiyambe tafunsa mwini wake, tibwereze mau ake kufikira atavomera kuti tamva bwino, ndipo pamenepo tinene zathu. Akulu anati, kuona maso a nkhono n'kudekha. Mulungu atipatse kudekhako.