Kodi Kukonda Cinthu N'cilolezo Cocisunga?

M'nyanja zofunda za mcele muli nsomba ina yooneka ngati yosamalizidwa. Cibwano cake ca pansi n'cacitali ngati singano yosokela masaka, pamene ca pamwamba n'kacidutswa kakafupi. Ndiye cifukwa cake Angelezi amaichula kuti halfbeak, kutanthauza kuti ili ndi theka cabe la mlomo. M'Ciswahili dzina lake ndi chuchunge. Thupi lake n'loonda, lonyezimila ngati siliva, ndipo mitundu yambili ili ndi kadontho kofiila kunsonga kwa mlomo. Mtundu umene asayansi amauchula Hemiramphus far umapezeka kuyambila ku gombe la kum'mawa kwa Africa mpaka ku nyanja ya Pacific, ndipo ungakule kufika masentimita 45.

Nsomba yotele ikadutsa pamaso pa munthu wokonda kusunga nsomba m'nyumba, mtima umalakalaka. Ku maiko kumene anthu ambili ali ndi mathanki a galasi m'zipinda zocezela, funso limene limabwela msanga ndi lakuti thanki ikule bwanji kuti nsombayi ikhalemo. Funsoli limamveka la munthu wacifundo, wofuna kucita zinthu moyenela. Koma ine ndiona kuti lalumpha funso lina lofunika kuyamba nalo. Likutenga ngati nkhani yosunga nsombayo yatha kale, kwatsala cabe kupima galasi. Kodi kukonda colengedwa, ndi kukhala ndi ndalama zocisamalila, kumatipatsa cilolezo cocisunga?

Kuti tiyankhe bwino, tiyambe taona mmene nsombayi imakhalila kwao. Moyo wake wonse uli pamwamba peni-peni pa madzi, pamene nyanja imakumana ndi mphepo. Siyenda yokha, imayenda m'magulu. Mitundu yambili imadya udzu wa m'nyanja woyandama, ndele, ndi tizilombo ting'ono-ting'ono totengeka ndi madzi, ndipo imadya pang'ono-pang'ono kwa maola ambili cifukwa ilibe cifu cosungilamo cakudya. Mazila ake ali ndi tiulusi tomata ku zomela za m'madzi. Ikadzidzimuka siibisala m'phanga monga zimacitila nsomba za m'miyala. Imathamanga molunjika, n'kutumphuka m'madzi, n'kumadumpha-dumpha pamwamba ngati kamwala kophwaphwatala kamene mwana waponya pa dziwe. Ndi wacibale wa nsomba zouluka zija. Citetezo cake conse ndi liwilo ndi malo otakasuka kutsogolo kwake.

Tsopano tiyeni tipime thanki imene aliyense angaichule kuti yaikulu. Tinene kuti ndi ya mamita 2 m'litali, masentimita 70 m'lifupi, ndi masentimita 70 kuya kwake. Imeneyo imalowa pafupi-fupi malita 1,000, kapena kuti zigubu 50 za malita 20 zimene timanyamula kucoka pa mpopi. Madzi okhawo amalemela tani imodzi. Popeza lita iliyonse ya madzi a m'nyanja ili ndi magilamu pafupi-fupi 35 a mcele, mwini wake afunika makilogilamu 35 a mcele wapadela wosakaniza, osati wa pa kantemba uja. Kwa ife thanki imeneyi ndi cinthu cocititsa kaso. Koma kwa nsomba ya masentimita 30, mtunda wa mamita 2 sukwana ngakhale matupi ake 7. Ndiponso kuya kwa thanki kulibe nayo nchito, cifukwa iyo imakhala pamwamba pokha. Ukulu umene tikunyadila taupima ndi maso athu ndi cipinda cathu.

Vuto lalikulu ndi galasi lenilenilo. Kumene nsombayi imakhala kulibe cipupa, ndipo palibe cimene cinaikonzekeletsa kukumana ndi cipupa cosaoneka. Munthu akayatsa laiti mwadzidzidzi, kapena mwana akathamanga pafupi, nsomba imacita cimene cakhala cikupulumutsa mtundu wake kuyambila kale, imathamanga molunjika. Coyamba kugunda galasi ndi mlomo wautali uja, umene unacititsa kuti igulidwe. Umachoka kapena kupindika, ndipo cilonda cimatsegulila njila matenda. Thanki ikakhala yosavinikila, m'mawa nsomba imapezeka pansi itauma. Ikakhala yovinikila, nsomba imamenyetsa mutu ku civinikilo. Ngakhale anthu osunga tiabale take ta m'madzi opanda mcele, monga ka Dermogenys ka ku Thailand ndi Malaysia kamene kamangofika masentimita 7, amacenjezana za ngozi yomweyi, ndipo amabzala zomela m'mbali mwa galasi kuti kansombako kazione malile.

Palinso nkhani ya madziwo. Nsomba imatulutsa amoniya, amene ndi poizoni kwa iyo yomwe. M'nyanja poizoniyo amasungunuka m'madzi osawelengeka. M'thanki, mwini wake amadalila mabakiteliya okhala mu fyuluta kuti asandutse amoniya kukhala mankhwala ena osapha msanga. Mabakiteliya amenewo amafuna madzi oyenda ndi mpweya, ndiye kuti pampu iyenela kulila usana ndi usiku. Ife amene tinakhala mumdima maola ambili-mbili pa tsiku mu 2024, madzi atacepa ku Kariba, sitifunika kuuzidwa zimene zingacitike pampu ikaleka. Amene waika nsomba m'thanki wadzipatsa udindo wokhala mafunde, mphepo, dzuwa ndi cakudya ca colengedwaco, tsiku lililonse, ngakhale atapita ku malilo kumudzi. Nyanja siidwala, siiiwala, siicotsedwa nchito.

Wina angafunse kuti zonsezi zili ndi kanthu kodi, popeza ndi nsomba cabe. Mu 1789 wafilosofi wa ku England Jeremy Bentham analemba kuti pa nkhani ya zinyama, cofunika si kudziwa ngati zimaganiza kapena kukamba, koma ngati zimavutika. Kwa zaka zambili anthu anali kuona ngati nsomba sizili m'gulu limeneli, mwina cifukwa sizilila ndipo nkhope yake siisintha. Koma mu 2003 Lynne Sneddon ndi anzake ku Scotland anapeza kuti nsomba ya trout ili ndi mitsempha yozindikila kuvulala pamutu pake. Atazibaya asidi pamlomo, nsombazo zinayamba kukhuza milomo pa timiyala ndipo zinacedwa kuyambanso kudya. Mnzake Victoria Braithwaite anatulutsa buku lonse pa nkhaniyi mu 2010. Pali asayansi ena amene amatsutsa kuti zimenezi ndi ululu monga umene timamva ife. Koma pamene pali umboni wakuti mwina tikuvutitsa cinthu, ndipo zimene tikupindula ndi kusangalatsa maso cabe, kukayikilako kuyenela kukomela nsomba.

Citsutso camphamvu kwambili ndi ici: kodi ife amene timadya kapenta ndi buka-buka tingaimbe mlandu munthu amene akudyetsa nsomba m'malo moidya? Ndipo halfbeak nayonso imadyedwa. Ku Japan amaichula sayori ndipo amaidya yaiwisi. Ku Florida mtundu wochedwa ballyhoo amaukoleka pa mbedza monga nyambo yogwilila nsomba zikulu-zikulu. Citsutsoci n'coona mbali imodzi, ndipo palibe wodya nsomba amene ayenela kudziona ngati woyela. Komabe pali kusiyana. Kapenta ya pa mbale panu inakhala moyo wa kapenta mpaka usiku umene inalowa mu ukonde, ndipo imfa yake yathetsa njala ya munthu. Nsomba ya m'thanki yalandidwa moyo wake ikali yamoyo, kwa milungu kapena miyezi, ndipo palibe njala imene yathetsedwa. Njala ingakhululukitse zinthu zina zimene cilakolako cokongoletsa cipinda sicingakhululukitse.

Citsutso caciwili n'cakuti m'thanki nsomba ili pabwino. Kunyanja imasakidwa ndi tuna, ndi marlin, ndi mbalame zocokela kumwamba. M'nyumba palibe woidya, cakudya cimabwela pa nthawi yake. Zoona, nyanja si paladaiso, ndipo ana ambili a nsombayi amadyedwa asanakule. Koma thupi lake lonse, kuyambila mcila wa mphanda mpaka msana wobiliwila umene umaibisa ku maso a mbalame, linapangidwila moyo umenewo wa ngozi ndi kuthamanga. Tikacotsa adani koma n'kucotsanso malo othamangila, mantha satha, amangosowa kolowela. Cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyelele. Mlendo amaona madzi oyela ndi malaiti a buluu, koma saona nsomba imene imadzidzimuka nthawi zonse citseko cikamenyeka.

Citsutso cacitatu cimandikhudza kwambili monga mphunzitsi. Thanki imaphunzitsa. Pamene London Zoo inatsegula nyumba ya nsomba mu 1853, anthu wamba anaona kwa nthawi yoyamba zolengedwa za m'madzi zili zamoyo, osati pa thebulo la wogulitsa. Mwana wa ku Chawama kapena Chimwemwe ali kutali ndi nyanja ya mcele. Njanji ya TAZARA yokha, kucoka ku Kapiri Mposhi kukafika ku Dar es Salaam, ndi makilomita 1,860. Kodi sakuyenela kuona zodabwitsa zimenezi? Akuyenela ndithu. Koma tifunse cimene angaphunzile kwa halfbeak ya m'galasi. Sadzaona gulu, sadzaona kudumpha, sadzaona kudya udzu woyandama. Adzaona maonekedwe cabe, ndipo phunzilo limene lidzakhazikika mwa iye n'lakuti cinthu cokongola ciyenela kugwidwa ndi kuikidwa pafupi. Vidiyo ya mphindi ziwili pa foni, yojambulidwa panyanja, ingamuonetse nsomba yeni-yeni kuposa thankiyo.

Sindikunena kuti kusunga nsomba kulikonse n'kulakwa. Nsomba ya clownfish, imene ambili anaidziwila mu filimu ya Finding Nemo ya mu 2003, imakhala moyo wake wonse pafupi ndi colengedwa cimodzi cochedwa anemone, ndipo siipita patali. Dziko lake n'laling'ono mwacibadwa. Imaswana m'mathanki, ndipo zambili zogulitsidwa masiku ano sizinaonepo nyanja. Halfbeak ya m'nyanja siiwetedwa motelo m'malonda amenewa, conco iliyonse yofika m'nyumba yacotsedwa pa gulu lake. Ndipo cilakolako ca ogula cili ndi mphamvu. Kansomba ka Banggai cardinalfish, ka ku tizilumba tocepa ta ku Indonesia, kanagwidwa kwambili cifukwa ca kukongola kwake mpaka mu 2007 bungwe la IUCN linakaika pa mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi yakutha. Cimene cimasiyanitsa kusunga kwabwino ndi koipa ndi cibadwa ca colengedwaco: kodi malo amene tacipatsa amacilola kucita zimene cinabadwila kucita?

Apa nkhani ya nsomba ikutikhudza ngakhale ife amene sitidzagulapo thanki. Maganizo akuti "ndakupatsa zonse, ukusowanso ciani" timawamva m'makomboni athu. Amawakamba mnyamata amene amagulila cisumbali cake mabando ndi nsapato, koma n'kumaletsa kuceza ndi anzake ndi kufufuza foni yake usiku uliwonse. Amawakamba wacibale amene watenga mwana kumudzi, kumudyetsa ndi kumuveka, koma osamutumiza kusukulu. Onsewa amawelenga zimene apeleka, monga mwini thanki amawelengela malita ndi makilogilamu a mcele, ndipo ciwelengeloco cingakhale coona. Munthu si nsomba, ali ndi pakamwa ndipo angathe kunena cimene akufuna. N'cifukwa cake mlandu wosamufunsa ndi waukulu koposa.

Nsomba siingatiuze cimene ikufuna, koma thupi lake ndi makhalidwe ake zimanena momveka kwa amene wadekha kuziona. Za halfbeak zimanena kuti ikufuna anzake, ndi mtunda wopanda cipupa. Palibe nyumba ya munthu imene ingapeleke zimenezo, ikule bwanji. Amene ali ndi ndalama za thanki ya malita 1,000 ali ndi nsomba zambili zimene angasunge bwino, zoswedwa m'mathanki ndipo zokhutila ndi malo ocepa. Akaisiya iyi, ngakhale mtima ukuifuna, palibe mlendo adzamuyamikile, cifukwa palibe cimene adzaona m'cipinda cake. Koma adzakhala ataikonda kuposa amene anaigula.