Chimbale Nachonso Ndi Nyumba ya Masiye

Mu 1967 a Beatles anatulutsa chimbale cha Sgt. Pepper, ndipo mtima wawo unali pa mtundu wa mono, womvekera pa sipika imodzi. Mu 2017 Giles Martin anachikonzanso kuti mawu azizungulira womvera, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Nditachimva chinandikomera, koma funso linandivuta. John Lennon ndi George Harrison anali atamwalira kale, ndani anawapempha?

Ine ndimaona chimbale chotere ngati nyumba ya masiye. Woisunga akhoza kufolera denga, ngakhale kuwonjezera chipinda, koma alibe mphamvu yoigumula. Chimbale chatsopano chikhalepo ndithu, bola cha 1967 chisasowe pamsika, kuti adzukulu adzamve zonse ziwiri n'kudziweruzira okha.