Mwana wa Yairo ndi Tsiku la Mankhwala ku Sukulu

Lamulungu la 13 pa Chaka (Chaka B). Mthenga Wabwino: Marko 5:21-43

Mthenga Wabwino wa lero ukutha ndi kanthu kamene Akhristu ambiri amangokadumpha. Yesu atamugwira dzanja mwana wa Yairo, mtsikana wa zaka 12 uja adadzuka n'kuyamba kuyenda, ndipo onse m'nyumbamo adangoti kukamwa yasa. Apo Yesu adalamula kuti mwanayo apatsidwe chakudya. Iye amene adali atangogonjetsa imfa adakumbukira kuti mwana wodzuka pa mphasa ya matenda amakhala ndi njala. Chozizwitsa adachita yekha, koma ntchito yosamala thupi la mwanayo adaisiya m'manja mwa bambo ndi mayi ake.

Ntchito imeneyo ikadali m'manja mwa makolo mpaka lero, ndipo mbali yake yaikulu imachitikira ku sukulu. Chiyambire 1994, pamene maphunziro a ku pulayimale adakhala aulere, sukulu ndiwo malo amene ana ambiri a dziko lino amapezeka pamodzi. N'chifukwa chake alangizi a zaumoyo amapita kumeneko ndi mankhwala a likodzo, mankhwala a njoka za m'mimba ndiponso katemera. Yairo adali mkulu wa sunagoge, munthu waulemu wake, komabe adatuluka m'nyumba, nakadzigwetsa pa mapazi a Yesu pamaso pa khamu lonse chifukwa cha mwana wake. Masiku ano thandizo limabwera lokha pa bwalo la sukulu, popanda kulipira. Chomvetsa chisoni n'chakuti pa tsiku lotere ana ena sapezeka m'kalasi, chifukwa makolo awo awauza kuti ajombe.

Likodzo ndi matenda amene amadya mwana mwakachetechete. Tizilombo take timakulira mu nkhono za m'madzi odikha, ndipo timalowa pa khungu mwana akamasamba, kuchapa, kuwedza kapena kuthandiza m'munda wa mpunga. Madera a m'mbali mwa nyanja monga Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, a ku Nyanja ya Chilwa ndi a kuchigwa cha Shire amawadziwa bwino matendawa, koma madamu ndi madambo a kumtunda nawonso amasunga nkhonozi. Kwina anthu adazolowera kuona mnyamata akukodza magazi mpaka kumayesa kuti n'chizindikiro choti akukula, pamene zoona zake n'zakuti mazira a tizilombo aja akumuvulaza m'chikhodzodzo. Mwana wotere magazi amamuchepera, amatopa msanga, amawodzera m'kalasi, ndipo aphunzitsi amamuyesa waulesi. Likodzo likakhalitsa limawononga chikhodzodzo, impso kapena chiwindi, ndipo kwa atsikana limathanso kuvulaza ziwalo zoberekera.

Mankhwala ake, otchedwa praziquantel, amaperekedwa molingana ndi msinkhu wa mwana, n'chifukwa chake ana amayamba aimikidwa pa ndodo yoyezera asanalandire mapiritsi. Pali lamulo limodzi limene alangizi amabwereza nthawi zonse: mwana adye kaye. Akamwa mapiritsiwa m'mimba muli pululu, amamva chizungulire, nseru ndi kupotokola m'mimba. Zimenezi zimatha patapita maola ochepa, koma mwana mmodzi akangosanza pa bwalo la sukulu, mbiri imafika m'mudzi kuti mankhwala aja ndi oipa. Kawirikawiri cholakwika chimakhala chakuti mwanayo adachoka kunyumba osalawa kanthu. Apa lamulo la Yesu m'nyumba ya Yairo likugwira ntchito monga lilili. Mbatata imodzi, chinangwa kapena kapu ya phala m'mawa wa tsikulo ndiyo mbali ya makolo pa kuchira kwa mwana wawo.

Phala la ku sukulu nalonso ndi thandizo la zaumoyo. Bungwe la Mary's Meals, limene Magnus MacFarlane-Barrow wa ku Scotland adaliyambitsa nalitcha dzina la Amayi Maria, lidayamba kudyetsa ana kuno ku Malawi mu 2002. Phala la chimanga ndi soya limaphikidwa ndi anthu odzipereka a m'midzi yozungulira sukulu, makamaka amayi, amene amalawirira kukasonkha moto kusanache. Mkhristu amene dzina lake lili pa ndandanda wa ophika asaione ntchitoyi ngati thangata. Kudyetsa anjala ndiyo yoyamba mwa ntchito zachifundo zokhudza thupi zimene Mpingo umaphunzitsa.

Nkhani yovuta kwambiri m'mabanja ambiri ndi ya katemera wa atsikana. Mu 2019 dziko la Malawi lidayamba kupereka katemera wa HPV kwa atsikana a zaka 9, ndipo ambiri amamulandirira ku sukulu. HPV ndi kachilombo kamene kamayambitsa khansa ya khomo la chiberekero, ndipo Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene khansa imeneyi ikupha amayi ambiri pa dziko lonse lapansi. Katemerayu amateteza bwino akaperekedwa mtsikana asanakumane ndi kachilomboka, n'chifukwa chake amabayidwa akadali wamng'ono. Si mankhwala olera, ndipo satseka m'mimba. Makolo ena achikhristu amaopa kuti mwana adzayesa kuti wapatsidwa chilolezo chochita zachiwerewere. Kuphunzitsa mwana kudzisunga ndi udindo wa makolo ndi Mpingo, ndipo jakisoni sangauchotse udindowo. Komanso mayi wokhulupirika m'banja lake angathe kutenga kachilomboka kwa mwamuna wake, iye osalakwa kanthu. Kumana mtsikana chitetezo lero kuli ngati kumulangiratu chifukwa cha tchimo limene mwina adzachite ndi wina.

Yesu atafika kwa Yairo adapeza phokoso la anthu olira ndi obuma. Ena adali atauza kale Yairo kuti asavutitsenso Mphunzitsi, ndipo ena adamuseka Yesuyo. Onsewo adawatulutsa, nalowa ndi bambo, mayi ndi ophunzira ake atatu okha. Phokoso lotere lilipo pa tsiku la mankhwala. Limachokera pa mjigo, pa msika ndi pa WhatsApp, ndipo amene amalifalitsa sadzakhalapo pamene mwanayo akudwala. Dziko lino lidaona mu 2017 kumene mphekesera zimafikitsa anthu, pamene nkhani ya anamapopa idaphetsa anthu osalakwa m'maboma ena a kumwera. Koma Yesu sadatulutse makolo. Bambo ndi mayi ali ndi ufulu wolowa, wofunsa dzina la mankhwala, ntchito yake, ndi chochita mwana akamva zachilendo m'thupi. Safunsa adadya phula. Mafunsowo apite kwa mlangizi wa zaumoyo, kwa mphunzitsi wamkulu kapena kuchipatala, kumene kuli anthu owadziwa mankhwalawo.

Pali enanso amene amati wokhulupirira amangopemphera basi. Buku la Mphunzitsi Sira, mutu 38, limaphunzitsa kuti luso la sing'anga ndi mankhwala omera m'nthaka n'zochokera kwa Mulungu, ndipo limalangiza wodwala kuti apemphere, kenaka aitane sing'anga. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, ndime 2288, amaika kusamala moyo ndi thanzi pansi pa lamulo lachisanu, poti zonsezi ndi mphatso zimene Mulungu adasungitsa anthu. Kholo limene limabisa mwana pa tsiku la mankhwala likhoza kuganiza kuti likumuteteza, koma likunyalanyaza chinthu chimene lidzafunsidwe.

Sabata ino miphakati ikakumana, ikambirane zinthu zitatu izi. Choyamba, kodi makolo amadziwa masiku amene a zaumoyo amabwera ku sukulu za ana awo? Chachiwiri, ndi ana ati m'mphakatimo, makamaka amasiye ndi oleredwa ndi agogo okalamba, amene angapite pa tsikulo osadya, ndipo ndani adzawapatse kanthu? Chachitatu, kodi zimbudzi za pa sukulu, madzi osamba m'manja ndi malo osinthira atsikana akakhala kumwezi zili bwanji? Akhristu amene ali m'komiti ya sukulu ndi m'gulu la amayi atengere nkhanizi ku misonkhano yawo.

Ambuye Yesu, amene adadzutsa mwana wa Yairo nalamula kuti adye, adalitse ana a sukulu a m'parishi ino, aphunzitsi awo, alangizi a zaumoyo ndi amayi ophika phala, ndipo apatse makolo mtima wa Yairo. Amen.