Kodi munthu amafunika womulamula kuti akhale wabwino?

Aisraeli atapempha mfumu, Samueli anawachenjeza kuti idzatenga ana awo kupita nawo kunkhondo, idzalanda minda yachonde, idzadulanso msonkho pa zokolola. Iwo anakakamirabe. Ndikawerenga 1 Samueli 8 ndimakumbukira otsatira anakizimu, amene amati anthu angathe kuyendetsa moyo wawo mwamtendere popanda boma.

Woyamba kudzitcha choncho poyera anali Mfalansa Pierre-Joseph Proudhon mu 1840, koma amene amandigwira mtima ndi Peter Kropotkin, wobadwira m'banja lachifumu ku Russia. Ali mnyamata anayendayenda m'chisanu cha ku Siberia, ndipo anaona kuti nyama ndi anthu opulumuka kumeneko ndi amene amathandizana. Buku lake lonena za kuthandizanaku linatuluka mu 1902. Leo Tolstoy anafika pafupi ndi pomwepa podzera mu Uthenga Wabwino: ngati Mkhristu saloledwa kupha, sangamvere boma lomutuma kukapha. Gandhi anawerenga zimenezi, ndipo mudzi womwe anayambitsa pafupi ndi Johannesburg mu 1910 unatchedwa Tolstoy Farm.

Mu 1936, nkhondo yapachiweniweni itabuka ku Spain, antchito a bungwe la CNT, lotsatira anakizimu, anatenga mafakitale ndi matiramu a mu Barcelona n'kumayendetsa okha, popanda abwana. Matiramu anayendadi. Koma m'miyezi yomweyo matchalitchi anatenthedwa, ansembe ambiri anaphedwa, ndipo ena mwa akuphawo anali a gulu lomweli. Izi zimandiwawa, ndipo sindingazibise. Amene akukana kulamulidwa akagwira mfuti, naye wasanduka mfumu ija Samueli ankanena. Mkulu wa asilikali Franco anagonjetsa onse mu 1939.

Ine sindikhulupirira kuti boma tingalithetse. Mwana wamasiye akalandidwa chuma ndi achibale, amafuna khoti lokhala ndi mano. Komabe Kropotkin sananame. Pamaliro kwathu adzukulu amalawirira kumanda ndi makasu, amayi amatunga madzi, ufa umasonkhedwa khomo ndi khomo, ndipo palibe wapolisi amene amaima pamenepo. Zambiri zotisunga ndi moyo timachitirana tokha, kenaka wandale amabwera kudzaomberedwa m'manja.

Nduna, abusa, amfumu kapena abwana akakulamulani chinthu, afunseni mwaulemu chifukwa chake ndi amene apindule nacho. Akakwiya ndi funsolo, musafulumire kumvera.